Kukonza zilembo zosokonekera mu database ya bungwe la alimi

Lolemba

Ndatseka kulemba mu database. Pulogalamu ikutseguka monga mwa masiku onse, a mu ofesi akutha kufufuza mayina ndi kuwerenga maphunziro, koma batani losungira ndalichotsa dala mpaka ntchitoyi ithe. Alimi olembetsa sabata ino ayamba alembedwa pa mafomu a pepala. Amayi osunga kaundula sanakondwe nazo, poti zikutanthauza kulemba kawiri, ndipo ndikuwamvetsa. Koma mzere uliwonse wosungidwa panopa ukungowonjezera pa vuto limene sitinalidziwe kukula kwake.

Kwa amene simukuidziwa, database imeneyi ndi ya bungwe la alimi a m'madera a Dedza ndi Ntcheu. Muli kaundula wa mamembala, maphunziro a ulimi olembedwa m'Chichewa ndi ena omasuliridwa m'Chitumbuka, komanso mauthenga amene alimi amatumiza pa foni. Mamembala ena minda yawo ili tsidya lina la malire, ku Angónia, choncho mayina awo ndi a midzi yawo ali m'kalembedwe ka Chipwitikizi. Pulogalamu yake inalembedwa m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa PHP, ndi yakalekale, ndipo yadutsa m'manja mwa anthu angapo.

Masiku apitawa seva, kompyuta imene imasunga database, inasamutsidwa kuchoka pa MySQL 5.7 kupita pa 8.0 (MySQL ndi pulogalamu yoyendetsa database). Zinayenera kutero ndithu, chifukwa 5.7 inasiya kulandira zokonza mu Okutobala 2023. Kuchokera tsiku limenelo Malaŵi akuoneka ngati MalaÅµi, ng’ombe zasanduka ngâ€™ombe, Angónia ndi AngÃ³nia. Maphunziro a Chitumbuka ndiye osawerengeka n'komwe, popeza ŵ ali paliponse: ŵanthu, ŵana, ŵalimi. M'Chichewa cha masiku ano ambiri tinasiya kulemba w wa tsindwi, koma nkhodolero sitingaithawe. Muli m'munda, m'mudzi, n'chifukwa, pang'ono, ng'amba. Phunziro lililonse lolembedwa mu Word n'kumatidwa mu pulogalamu lili ndi nkhodolero yopindika, ndipo iliyonse yasanduka zilembo zitatu zachilendo.

Wapampando anafunsa ngati sitingangouza kompyuta kuti paliponse pali â€™ iike nkhodolero, basi. Ndawapempha kuti adikire. Njira imeneyo imachotsa zimene diso laona, n'kusiya zimene silinaone, ndipo ikatero kubwerera m'mbuyo kumavuta.

Lachiwiri

Tsiku lonse ndathera pa lamulo la MySQL lotchedwa HEX(). Zimene zili pa sikirini sizithandiza kwenikweni, chifukwa chilembo chisanafike pa maso a munthu chimadutsa pa tebulo, pa kulumikizana kwa PHP ndi MySQL, pa tsamba la HTML, kenako pa browser, ndipo paliponse pamenepa chikhoza kusinthidwa. HEX() imaonetsa ma byte, timanambala timene kompyuta imasungira zilembo, monga momwe alili pa disiki.

SELECT id, mutu, HEX(mutu), LENGTH(mutu), CHAR_LENGTH(mutu) FROM maphunziro WHERE mutu LIKE '%Mala%';

Chilembo ŵ mu Unicode, mndandanda wopereka nambala kwa chilembo chilichonse, ndi U+0175, ndipo mu UTF-8, njira yosungira zilembozo mu ma byte, chimasungidwa ndi ma byte awiri, C5 ndi B5. Mu tebulo la maphunziro ndawapeza ali pomwepo, C5 B5, osakhudzidwa. Mtima unakhala m'malo. Zolembazo n'zamoyo, koma tebulo linalengezedwa kuti ndi latin1, njira ina yakale yosungira zilembo, ndipo mu latin1 byte iliyonse ndi chilembo pachokha: C5 ndi Å, B5 ndi µ. M'thumba muli chimanga chabwinobwino, kunja kwake munthu analembapo kuti nyemba. Chofunika kusintha ndi cholembedwa kunjacho, chimanga chisakhudzidwe. Limeneli ndi gulu loyamba la mizere yosokonekera.

Nanga zaka zonsezi zinkayenda bwanji? Pulogalamuyi sinkauza MySQL mtundu wa zilembo zimene ikutumiza. Pa 5.7, ukakhala chete choncho, seva imatenga zonse ngati latin1. PHP inkatumiza ma byte a UTF-8, MySQL inkawalandira ngati latin1 n'kuwasunga osawasintha, powerenga n'kuwabweza osawasinthanso, ndipo browser inkawawerenga ngati UTF-8. Cholakwa cholowera ndi cholakwa chotulukira zinkafafanizana. MySQL 8.0, imene inatuluka mu Epulo 2018, imayambira pa utf8mb4, dzina la UTF-8 yathunthu mu MySQL. Tsopano seva ikukhulupirira zolembedwa pa tebulo, ikutenga Å ndi µ n'kuzimasulira mokhulupirika kupita ku UTF-8. Kusamukako sikunabweretse vutoli, kunangolivundukula.

Zikanathera pamenepa ntchito ikanakhala ya tsiku limodzi. Koma tebulo la mauthenga a alimi ndi la mawu ofufuzira anawonjezedwa pambuyo pake, ndipo amene anawapanga anawaika pa utf8. Pa sikirini akuonetsa MalaÅµi yemweyo, pomwe mkati muli zina: C3 85 C2 B5, ma byte anayi. Apa MySQL inalandira C5 ndi B5 poganiza kuti ndi zilembo ziwiri za latin1, n'kusandutsa chilichonse kukhala UTF-8 pochisunga. Zilembozo zinakutidwa kawiri, ndipo limeneli ndi gulu lachiwiri. Maonekedwe ndi amodzi koma mankhwala ake ndi osiyana, ndipo amene angachize tebulo loyamba akhoza kusiya lachiwiri lili chomwecho kapena kuliwononga.

Gulu lachitatu ndi mizere yosungidwa seva itasamuka kale, ndisanatseke kulemba. Imeneyi inalowa kudzera pa kulumikizana kwa utf8mb4 kupita m'matebulo a latin1, ndiye MySQL inaimasulira moyenera. Nkhodolero yopindika inasungidwa ndi byte imodzi, 92. Chilembo ó chinasungidwa ngati F3. Mizere imeneyi ndi latin1 yeniyeni ndipo panopa ikuoneka bwino, koma ndikasintha tebulo lonse kukhala UTF-8 ndiyo idzasweke. Koma ŵ alibe malo mu latin1, choncho paliponse pamene munthu anamulemba m'masiku amenewa panasungidwa 3F, chizindikiro cha funso. Mala?i. Pamenepo palibe chobweza, chilembocho chinapita.

Pali mfundo ina imene ndaitsimikiza lero ndipo ndi yofunika mawa. Latin1 ya MySQL kwenikweni ndi cp1252 ya Windows, n'chifukwa chake mu â€™ muli chizindikiro cha euro ndi cha TM: nkhodolero yopindika ndi E2 80 99, ndipo 80 ndi 99 mu cp1252 ndi zizindikiro ziwirizo. Ma byte asanu, 81, 8D, 8F, 90 ndi 9D, alibe chilembo mu cp1252, koma MySQL imawalola kudutsa osawataya. Mapulogalamu ena amawataya. Mtengero wopindika wotsekera mawu ndi E2 80 9D, ndipo kachithunzi ka manja opemphera kamene alimi amakonda kuika kumapeto kwa uthenga ndi F0 9F 99 8F. Zonse ziwiri zili ndi imodzi mwa ma byte asanu aja. Ndiye kukonza kuchitikire mkati mwa MySQL kapena pa ma byte osaphika, osati potsegula fayilo mu pulogalamu yolembera n'kuisunganso.

Lachitatu

Backup, kope losunga pambali la database yonse. Ndatenga ya lero ndi pulogalamu ya mysqldump, komanso ndapempha osunga seva kuti anditumizire yomaliza ya 5.7 asanaifufute, ndipo yafika masana. Zonse ziwiri ndazilowetsa mu MySQL 8.0 ya pa laputopu yanga, iliyonse mu database yakeyake, kuti ndione kuti zikulowadi. Fayilo ya backup imene sinayesedwe sindiiwerengera.

Mukatsegula fayilo ya dump n'kuona MalaÅµi, musade nkhawa ndipo musakonze. Mysqldump imamasulira latin1 kupita ku UTF-8 potulutsa, n'kubwezanso polowetsa, ndipo ma byte amabwerera monga analili. Ndafananiza HEX() ya mizere ingapo pa seva ndi pa laputopu, zikugwirizana.

Ndalembanso mndandanda wa makolamu onse a zilembo kuchokera mu information_schema.columns, ndi character set ya iliyonse, kutanthauza ngati ili pa latin1 kapena utf8. Zapezeka kuti m'tebulo la mamembala, lomwe ndi latin1, muli kolamu imodzi ya utf8, ya dzina la mfumu ya m'mudzi, imene inawonjezedwa mochedwa. Kuyang'ana pa tebulo pokha sikukwanira, ntchitoyi iyenda kolamu ndi kolamu.

Lachinayi

Ndayamba kuyesa pa laputopu. Lamulo limene anthu ambiri amathamangira ndi ALTER TABLE ... CONVERT TO CHARACTER SET utf8mb4. Pa matebulo athu a latin1 limeneli ndi loopsa, chifukwa limakhulupirira zolembedwa kunja zija: limatenga Å ndi µ n'kuzisunga monga zilembo zenizeni, ndiye gulu loyamba lonse limasanduka lachiwiri. Njira yoyenera ndi kudutsira pa binary, kolamu ya ma byte osaphika monga BLOB, kuti MySQL iiwale kuti ma byte amenewa anali zilembo, kenako n'kuiuza kuti iwawerenge ngati utf8mb4.

ALTER TABLE maphunziro MODIFY nkhani BLOB;
ALTER TABLE maphunziro MODIFY nkhani TEXT CHARACTER SET utf8mb4;

VARCHAR imadutsira pa VARBINARY ya utali womwewo, MEDIUMTEXT pa MEDIUMBLOB. Polemba MODIFY muyenera kubwereza NOT NULL ndi DEFAULT zonse za kolamuyo, apo ayi zimatayika mwakachetechete. Index ya FULLTEXT, kalozera wofulumizitsa kufufuza mawu, siingakhale pa BLOB, ndiye ndaichotsa kaye kuti ndidzaibwezere kumapeto. Makolamu awiri a CHAR ndawasandutsa VARCHAR poyamba, poti BINARY imadzaza malo otsala ndi ma byte a 00 amene pambuyo pake amakakamira kumapeto kwa mawu.

Ndasankha utf8mb4, osati utf8. Dzina loti utf8 mu MySQL limaimira utf8mb3, imene imalekezera pa ma byte atatu pa chilembo. Kwa ŵ ndi ó zimakwana, koma tizithunzi ta pa foni timafuna anayi. Utf8mb4 inabwera mu 5.5.3 mu 2010, ndipo palibe chifukwa chopangira tebulo latsopano pa utf8mb3 lero.

Sitepe yachiwiri ija yakana pa matebulo atatu ndi uthenga wa Incorrect string value. Ndinkayembekezera, chifukwa cha mizere ya gulu lachitatu: byte 92 yokhayokha si UTF-8 yololedwa. Koma pofufuza ndapezanso mizere yakale kwambiri imene ikukana, ndipo chifukwa chake n'china. Kolamu ya mutu wa phunziro inali VARCHAR(80), kutanthauza ma byte 80 mu latin1. Mitu yaitali inkadulidwa pa byte ya 80, ndipo pamene kudulako kunagwera pakati pa chilembo panatsala theka: C5 wopanda B5 wake, kapena E2 80 wopanda 99. Mitu imeneyi inali yoduka kale zaka zonsezi, kungoti palibe ankaiona. Ndachotsa theka lotsalalo, ndipo ndakulitsa kolamuyo.

Pofuna kupeza mizere yonse yokana ndagwiritsa ntchito mfundo yoti kumasulira ma byte osaloledwa kumabweza NULL, kutanthauza palibe kanthu:

SELECT id FROM maphunziro WHERE nkhani IS NOT NULL AND CONVERT(CAST(nkhani AS BINARY) USING utf8mb4) IS NULL;

Mfundo yomweyi ndi msampha pa gulu lachiwiri. Kumeneko mankhwala ndi UPDATE yomasulira mawu kubwerera ku latin1, kuwatenga ngati binary, n'kuwawerenga ngati utf8mb4. Ukaiyendetsa pa tebulo lonse osaika WHERE, mzere umene unali wabwino kale umasanduka NULL kapena kudzaza zizindikiro za funso. Ndaika zotchinga ziwiri: zotsatira zisakhale NULL, ndipo mawuwo akapita ku latin1 n'kubwerera afanane ndi oyambawo byte ndi byte. Mzere wolephera chimodzi mwa ziwirizi ukusiyidwa, n'kulembedwa pambali.

Kenako index. Tebulo la mawu ofufuzira lakana ndi uthenga woti key yatalika kupitirira ma byte 767. Linapangidwa kale pa ROW_FORMAT=COMPACT, ndipo VARCHAR(255) pa ma byte anayi chilembo chilichonse ndi 1020. Ena amafupikitsa kolamu kufika pa 191, popeza 191 kuchulukitsa ndi 4 ndi 764. Ine ndasintha tebulo kukhala DYNAMIC, imene imalola ma byte 3072.

Lachisanu

Mizere yosakanizika. Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni.

Tangoganizani phunziro lakale lokhala ndi C5 B5, limene mlangizi analitsegula seva itasamuka kuti awonjezere ndime. Pa sikirini anaona MalaÅµi, sanalikhudze, analemba ndime yake yokhala ndi nkhodolero zopindika, n'kusunga. Å ndi µ zonse zili mu latin1, ndiye zinabwerera monga C5 B5, ma byte akale omwe aja. Nkhodolero zatsopano zinasungidwa ngati 92. Phunziro limodzi tsopano lili ndi UTF-8 m'ndime zina ndi latin1 m'ndime ina. Palibe lamulo limodzi la SQL limene lingalikonze lonse.

Ndalemba kapulogalamu ka Python kowerenga kolamu ili pa BLOB. Kakuyesa kaye kuwerenga mzere wonse ngati UTF-8. Zikakanika, kakuyenda byte ndi byte: pamene ma byte otsatizana akupanga chilembo chololedwa cha UTF-8 kakuwatenga choncho, ndipo byte yotsala yokha kakuiwerenga ngati cp1252. Njirayi imadalira momwe Ken Thompson ndi Rob Pike anakonzera UTF-8 mu 1992, kuti byte yoyamba imanena kuchuluka kwa ma byte otsatira ndipo otsatirawo amakhala pakati pa 80 ndi BF. Mawu enieni a latin1 sakonda kugwera mwangozi m'dongosolo limenelo, makamaka athuwa amene zilembo zachilendo n'zochepa. Ngakhale zili choncho, mzere uliwonse umene kapulogalamuka kasintha kakuulemba mu tebulo lapadera, wakale ndi watsopano moyandikana, kuti munthu aone. Ndinayesanso ftfy, pulogalamu ya Python yokonzera zoterezi, ndipo pa maphunziro imachita bwino. Pa mayina a anthu sindinailole, chifukwa imasankha yokha chimene chikuoneka cholondola, ndipo ine ndikufuna kudziwa chifukwa cha kusintha kulikonse.

Tsopano zizindikiro za funso. Zambiri zachokera kwa anthu osamala ntchito yawo, amene ataona Åµ anafufuta n'kulemba ŵ weniweni ndi dzanja, posadziwa kuti tebulo silingamusunge. Palibe wowaimba mlandu, anachita zimene aliyense wokonda chilankhulo chake akanachita. Seva ikanakhala pa strict mode, pamene MySQL imakana zinthu zosayenera m'malo mozisintha mwakachetechete, ikanakana kusunga n'kuonetsa error 1366, ndipo vutoli likanadziwika tsiku loyamba. Strict mode inazimitsidwa kale chifukwa pulogalamuyi imasunga madeti opanda kanthu ngati 0000-00-00.

Pa mizere yakale, backup ya 5.7 yandipulumutsa: ndafananiza ma id n'kubwezera chilembo chokhacho chimene chinatayika, osafufuta zimene munthu anawonjezera. Pa mizere yatsopano palibe kobwerera. Mala?i ndi ?anthu aliyense akhoza kudzaza, ndipo ndadzaza. Mayina a anthu ndi a midzi sindinadzaze ngakhale limodzi. Ndasindikiza mndandanda wake n'kupereka kwa amayi osunga kaundula, amene ali ndi mafomu oyambirira ndipo ambiri mwa alimiwa amawadziwa ndi nkhope. Dzina likalakwika mu kaundula limakalakwikanso pa chiphaso cha umembala ndi pa mndandanda wolandirira mbewu, ndipo wovutika ndi mlimi amene wayenda mtunda wautali n'kuuzidwa kuti dzina lake silikugwirizana ndi la pa chitupa. Kuganizira kwanga sikungalowe m'malo mwa fomu imene mwini wake anasainapo.

Madzulo ndapezanso china. Kolamu ya zosankha imasunga zinthu za serialize() ya PHP, lamulo lolongedza zinthu zingapo mu mzere umodzi, imene imalemba utali wa mawu mu ma byte. Malaŵi ndi s:7. Mizere yosakhudzidwa ikubwerera bwino, popeza ma byte ake ndi omwe aja. Koma yosungidwanso m'masiku osokonekera PHP inawerenga MalaÅµi n'kulemba s:9, ndipo tikakonza mawu atsala ma byte 7, unserialize() n'kukana mzere wonse. Ndawonjezera sitepe yowerengeranso utali.

Loweruka

Ndayendetsa zonse kuyambira pachiyambi pa kope latsopano la backup, mwadongosolo lake, popanda kukhudza chilichonse ndi dzanja. Zadutsa. Chiwerengero cha mizere mu tebulo lililonse chikufanana ndi choyamba, palibe NULL watsopano, ndipo kufufuza Ã, Å ndi â€ kwapeza mizere iwiri yokha, yonse yokutidwa katatu, imene ikuoneka ngati Ã…Âµ. Ndaikonza payokha.

Lolemba

Collation, malamulo oyerekezera mawu pofufuza ndi posanja. Ya MySQL 8.0 yoyambira ndi utf8mb4_0900_ai_ci, imene poyerekeza mawu siiwerengera tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo kapena kukula kwa chilembo. Kwa iyo nthaŵi ndi nthawi ndi mawu amodzi, Angonia ndi Angónia chimodzimodzi. Pobwezera index ya UNIQUE pa mawu ofufuzira yakana ndi Duplicate entry pa mawu ngati amenewa. Ndikanatha kusankha utf8mb4_0900_as_ci, imene imasiyanitsa. Sindinatero. Mlangizi amene ali kumunda ndi foni yake adzalemba w wamba, ndipo ayenera kupeza phunziro ngakhale linalembedwa ndi w wa tsindwi. Mawu obwerezawo ndawaphatikiza, n'kulozetsa maphunziro onse ku amodzi. Zosungidwa zikhale monga mlembi analembera, kufufuza kokha ndiko kukhale kofewa.

Nkhodolero yanditengera nthawi kuposa ŵ. Mu database muli mitundu inayi: yowongoka ya pa kiyibodi, yopindika ya Word, ina yopendekera kumanzere imene ili pansi pa batani la Esc, ndi ´ ya pa makiyibodi a Chipwitikizi. Pamwamba pa apo, mizere yakale kwambiri ili ndi m\'mudzi ndi ng\'ombe, zotsala za magic quotes, zimene zinkaika \ patsogolo pa nkhodolero ndipo PHP inazichotsa mu 5.4. Kufufuza ng'ombe kunkapeza maphunziro ena n'kusiya ena kutengera kompyuta imene analembera, ndipo izi zakhala zikuchitika kuyambira kale seva isanasamuke. Zonse zokhala pakati pa zilembo ziwiri ndazisandutsa yowongoka, U+0027.

Dongosolo la masitepe pano n'lofunika kwambiri. Ŵ wamkulu ndi C5 B4, ndipo B4 mu latin1 ndi ´ yemweyo. Munthu akayamba ndi kuwongola nkhodolero asanakonze ma byte, Ŵanthu wa kumayambiriro kwa chiganizo amasanduka Å ndi nkhodolero, ndipo sabwereranso. Kuwongola nkhodolero kuli kumapeto kwenikweni kwa script, ndipo ndalembapo chenjezo pamwamba pake.

M'maphunziro okopedwa kuchokera m'mafayilo a PDF muli ŵ wa mtundu wina: w wamba wotsatidwa ndi tsindwi loima palokha, U+0302, ma byte 77 CC 82. Pa maso amafanana, koma CHAR_LENGTH() imawerenga zilembo ziwiri. Ndawabweretsa onse ku NFC, pamene w ndi tsindwi lake zimakhala chilembo chimodzi, ndi unicodedata ya Python.

Lachiwiri

Database ikakonzedwa, zimene zimatulukamo nazo ziyenera kuonedwa, ndipo lero ndapeza zitatu.

Chachikulu ndi SMS, chifukwa chikukhudza ndalama za bungwe. Uthenga wolembedwa ndi zilembo za pa mndandanda wamba wa SMS wotchedwa GSM zokhazokha umanyamula zilembo 160. Mukangolowa chilembo chimodzi chosakhala pa mndandanda umenewo, uthenga wonse umapita pa njira ina yotchedwa UCS-2, imene imanyamula 70. Uthenga wautali ukagawidwa, gawo lililonse limanyamula 153 kapena 67. Nkhodolero yowongoka ili pa mndandanda wa GSM, yopindika palibe, ŵ palibe, ó palibe. Uthenga wa zilembo 150 wokumbutsa alimi za tsiku lobandira fetereza, umene unayenera kupita umodzi, umagawika patatu chifukwa cha nkhodolero imodzi yopindika, ndipo bungwe limalipira katatu pa mlimi aliyense. Kuwongola nkhodolero kwathetsa mbali yaikulu. Pa ŵ ndakambirana ndi mlangizi woyang'anira maphunziro a Chitumbuka, ndipo tagwirizana kuti pulogalamu izionetsa chiwerengero cha magawo munthu asanatumize, iye asankhe yekha kusiya ŵ kapena kuika w. Mu database ŵ akhalabe ŵ. Sindikufuna kuti mtengo wa SMS uzilamula kalembedwe ka zosungidwa.

Ziphaso za umembala zimatuluka kudzera pa FPDF, pulogalamu yopangira mafayilo a PDF, ndipo mu code muli utf8_decode() pa dzina lililonse. Imeneyi imasandutsa mawu kukhala ISO-8859-1, n'kuika chizindikiro cha funso pa chilichonse chosapezekamo, ndipo PHP 8.2 inalengeza kale kuti iichotsa. Ndasintha kupita ku tFPDF ndi font ya DejaVu Sans, imene ili ndi ŵ, ã ndi ç. Chiphaso choyesera chatuluka bwino.

Fayilo ya mndandanda (CSV) ya kwa msungichuma inkaonetsa MalaÅµi mu Excel ngakhale database ya pa laputopu ili yokonzedwa. Fayilo inali yolondola, Excel ndi imene imaganiza cp1252 ikapanda kuona ma byte EF BB BF kumayambiriro. Ndawawonjezera potulutsa, ndipo polowetsa CSV pulogalamu ikuwachotsa kuti asamatirire pa dzina la kolamu yoyamba.

Lachitatu usiku

Ndayendetsa pa seva yeniyeni ofesi itatsekedwa, nditatenganso backup ina. Mu PHP kulumikizana tsopano kukunena poyera charset=utf8mb4 mu DSN ya PDO, ndipo mafayilo akale a mysqli ali ndi set_charset(), kuti tisadzadalirenso zimene seva yasankha yokha. Database nayo ndaiika pa utf8mb4 kuti tebulo lililonse latsopano lizibadwa lolondola. Mayeso onse a Loweruka ndawabwereza ndipo adutsa. Ndasunga mzere woyesera wokhala ndi Ŵ, ŵ, ó, ç, nkhodolero ndi kachithunzi ka manja, ndauwerenga, ndausunganso, ndipo HEX() yake sinasinthe.

Lachinayi

Batani losungira labwerera m'mawa uno, ndipo mafomu a pepala ayamba kulowetsedwa. Mlangizi wa Chitumbuka wawerenga maphunziro ake angapo n'kupeza malo amodzi pamene chizindikiro cha funso chinali chenicheni koma ine ndinachiika pa mndandanda wokayikitsa. Tachisiya monga chinalili.

Pa mndandanda wa mayina, amayi osunga kaundula amaliza ambiri pogwiritsa ntchito mafomu. Otsala ndi a mamembala a ku Angónia amene analembetsa pa foni popanda fomu, ndipo adikira msonkhano wa kalabu yawo kuti eni ake anene okha kalembedwe kake. Mizere yawo ndaiika chizindikiro choti chiphaso chisasindikizidwe mpaka dzina litatsimikizika.

Strict mode sindinaiyatse. Ndiyenera kusintha kaye madeti a 0000-00-00 kukhala NULL ndi kukonza mafomu anayi amene amawatumiza, ndipo ndiyamba Lolemba. Pakadali pano ndaika query yoyenda usiku uliwonse, yofufuza Ã, Å, â€, U+FFFD ndi chizindikiro cha funso pakati pa zilembo m'mizere yosinthidwa tsikulo, n'kunditumizira ma id ake. Backup ya 5.7 ndi tebulo la zosinthidwa zikhala mpaka mayina otsalawo atatha.